Kufunafuna fizo pa Chiradzulu Boma: khadi la inshuwalansi kulibe, chilipo ndi kabuku ndi ulendo

Fizo ndi chithandizo cha kuchipatala chophunzitsanso thupi zimene laiwala, kapena zimene silinaphunzirepo chibadwire: kudzuka pamphasa, kuima, kuponda, kufumbata chikho, kutembenuza khosi. Pakamwa pa anthu mawuwa amasokonekera ndi mafizo a ana a sukulu kapena a anyamata a mpira, ndipo chisokonezo chimenechi chimapweteketsa odwala. Achibale ena akamva kuti m'bale wawo amulembera fizo amangoti basi adokotala amutaya, mankhwala omupatsa awathera. Chonsecho kwa munthu amene wafa mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, kapena amene angomuchotsa chikhakha bondo litauma gwa, fizoyo ndiye mankhwala enieniwo.

Matenda oterewa akagwa pakhomo, mafoni amayamba kulira kuchokera kutali. Mwana amene akugwira ntchito ku Lusaka kapena ku Johannesburg amalangiza kuti apeze katswiri wa fizo wapafupi amene amalandira inshuwalansi ya boma. Malangizowo ndi achikondi, koma akuchokera m'dziko lina. Ku Zambia kuli bungwe la NHIMA, limene linabwera ndi lamulo la 2018, ndipo munthu wolembetsa amaonetsa umembala wake pachipatala chovomerezeka. Ku Ghana ndondomeko yotere inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003. Ku South Africa lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse linasainidwa mu 2024. Ku Malawi nkhani imeneyi yakambidwa kwa zaka zambiri m'misonkhano ya Unduna wa Zaumoyo, koma mlimi wa nandolo wa kwa Kadewere kapena mayi wogulitsa tomato pa Mbulumbuzi alibe khadi lililonse la boma limene angatulutse pawindo la chipatala.

Chimene Malawi ali nacho ndi china. Boma limalipira zipatala zake kuchokera ku misonkho ndi ku thandizo la mayiko ndi mabungwe akunja, ndipo wodwala salipira pakhomo. Choncho funso loyenera pa Chiradzulu si lakuti ndani amalandira inshuwalansi ya boma ayi, koma lakuti ndi khomo liti la boma limene lili ndi munthu wa fizo, amagwira masiku ati, ndipo wodwala akafikako bwanji. Mwa mafunso atatuwa, lachitatulo ndilo limagwetsa mabanja ambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene chimafanako ndi inshuwalansi ya boma, ndipo ndi bwino kuchimvetsa chisanasokoneze munthu. Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatalazi, ndipo kuyambira cha m'ma 2006 maofesi a zaumoyo a m'maboma akhala akusainirana mapangano ndi zina mwa izo kuti anthu ena azithandizidwa ulere, bilu n'kupita ku boma. Mapanganowa kawirikawiri amakhudza amayi oyembekezera ndi ana. Kwa anthu a mbali ya Nguludi, kumene kuli chipatala cha Akatolika cha St Joseph's, nzeru ndi kufunsa kwa akalaliki asanayambe chithandizo kuti chimene akufunacho chili m'pangano kapena ayi. Bambo wa zaka 60 wodwala msana asaganize kuti popeza mpongozi wake anachira ulere pachipatala cha mishoni, nayenso zikhala chimodzimodzi.

Anthu amene amatchedwa adokotala a fizo

Kumudzi aliyense wovala zoyera ndi dokotala, koma m'chipinda cha fizo mumapezeka anthu a maphunziro osiyana. Pali amene ali ndi digiri ya fizo. Kwa nthawi yaitali Amalawi oterewa ankaphunzira kunja kokhakokha, ndipo ankachita kuwerengeka. Sukulu ya College of Medicine ku Blantyre inayamba kuphunzitsa digiri imeneyi mu 2010, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Ndiye kuti ntchito imeneyi, monga ntchito ya ana ophunzira konkuno, ndi yaing'ono msinkhu kuposa unamwino kapena udokotala. Palinso ena a dipuloma, amene ambiri mwa iwo anaphunzira ku Kachere mumzinda wa Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri ndi amene anasenza ntchito ya fizo m'zipatala za m'maboma.

Kachereyo ali ndi mbiri yake, yolumikizana ndi bungwe la MAP. Bungwe la MAP linayamba mu 1979 ndi dzina lakuti Malawi Against Polio, pa nthawi imene poliyo ankasiya ana ambiri akukwawa. Katemera atachepetsa poliyo, bungweli linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, zilembo zake n'kukhala zomwezo, ndipo linatembenukira kwa anthu ovulala msana, odwala sitiroko ndi ena olumala ziwalo. Poliyo sanaiwalike kotheratu: mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi kachilomboka, ndipo katemera wa khomo ndi khomo anayambiranso.

Gulu lina limene wodwala wothyoka amakumana nalo asanafike ku fizo ndi la madokotala a mafupa a m'zipatala za m'maboma, amene maphunziro awo anayamba mu 1985. Iwowa ndi amene amawongola fupa, kumanga chikhakha, kapena kukoka mwendo ndi miyala yolemera pabedi. Ntchito yawo imathera pamene fupa lagwirana; ya fizo imayambira pomwepo, ngakhale kuti bwino ndithu imayenera kuyamba wodwala akadali pabedi. Onsewa, a digiri ndi a dipuloma omwe, amayenera kukhala olembetsedwa ku Medical Council of Malawi.

Chifukwa chake Chiradzulu akufunika fizo

Chiradzulu ndi boma laling'ono koma lodzaza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 pa malo okwana masikweya kilomita 767, ndipo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Mbiri yake ya zaumoyo imadziwika kutali chifukwa cha Edzi. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pachipatala cha boma lino, zaka zingapo ndondomeko ya dziko lonse isanayambe mu 2004. Anthu amene akanamwalira kalekale anakhala ndi moyo, ndipo lero ndi agogo. Koma moyo wautali umabwera ndi katundu wake. Mankhwala a stavudine, amene anali m'mapiritsi oyambirira aja, ankasiya ena ndi dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Dziko linayamba kuwasiya mu 2011, koma si onse amene mapazi awo anabwerera mwakale. Kafukufuku wa pachipatala cha Queens (Queen Elizabeth Central Hospital) ku Blantyre anasonyezanso kuti kachilombo ka HIV kamawonjezera mpata wodwala sitiroko, makamaka kwa anthu amene sanakalambe.

Kuthamanga kwa magazi, kumene aliyense amangoti BP, ndiye gwero lalikulu la sitiroko. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Matendawa sapweteka, ndiye munthu amalima, kupita ku tchalitchi, kuvina pa ukwati, mpaka m'mawa wina kapu ya tiyi n'kumupulumuka m'manja, pakamwa n'kukhota.

Pamwamba pa izi pabwera njinga zamoto za kabaza, zimene zafupikitsa maulendo komanso zadzaza mawodi ndi miyendo yothyoka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Likoswe. Chiwerengero cha omwalira chinalengezedwa pa wailesi, koma opulumuka atavulala ndi matope ndi miyala ndi amene anafunika chithandizo cha miyezi. Ndipo pali ana: amene anabanika pobadwa, amene malungo a mu ubongo anawasiya khosi lili lende, amene anabadwa ndi mapazi opindika, amene anapsa ndi moto kapena phala khungu n'kukokana pochira.

Njira yake

Khomo loyamba ndi chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, monga Namitambo, Namadzi, Nkalo, Milepa kapena Mbulumbuzi, kapenanso mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene amadziwa masiku a makiliniki kuposa chikwangwani chilichonse. Kumeneko amayeza, kulemba m'kabuku, ndi kutumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha pa Boma. Munthu amene wangofa kumene ziwalo, amene pakamwa pangokhota kumene kapena walephera mwadzidzidzi kulankhula, si wodikira tsiku la fizo. Ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso wodwala msana amene miyendo yayamba kufooka, mkodzo ukungotuluka wokha, kapena akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo kuitikita sikungaichize. Imafuna mankhwala a TB msanga, isanaphwanye fupa n'kufinya mtsempha.

Kabuku ka kuchipatala ndiko kamagwira ntchito imene khadi la inshuwalansi limagwira kwina. Ndi kabuku kotchipa, kamene amayi ambiri amakasunga m'pepala la shuga kuopa mvula ndi thukuta, koma m'menemo ndimo muli zonse: tsiku limene matenda anayamba, zimene ekisire inaonetsa, mankhwala a BP, mawu otumiza wodwala ku fizo, ndi tsiku lobweranso. Wodwala amene wataya kabuku n'kugula katsopano amafika ngati mlendo, ndipo wa fizo amayamba kufufuza pachiyambi zimene mnzake anazipeza kale. Pamene zafunika kupita ku Blantyre, kalata yotumiza kapena mawu olembedwa m'kabukumo ndi amene amatsegula chitseko cha Queen Elizabeth Central Hospital, chipatala chachikulu chimene chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chiradzulu ndi maboma oyandikana nawo.

Tsiku loyamba m'chipinda cha fizo limadabwitsa ambiri chifukwa jakisoni mulibe. Wa fizo amayamba ndi mafunso amene ena amawaona ngati achibwana. Kodi mumagona pabedi kapena pamphasa? Chimbudzi chili patali bwanji ndi nyumba, ndipo ndi chokhala kapena chonjuta? Pakhomo pali masitepe? Amene amakusambitsani ndani? Kenaka amagwira mkono, kuupinda, kuuwongola, kuuza wodwala kuti afinye zala zake, akankhe ndi phazi, akhale m'mphepete mwa bedi popanda womugwira. Mafunso aja si achibwana. Munthu amene waphunzira kudzuka pabedi lalitali la kuchipatala akhoza kukafika kwawo n'kulephera kudzuka pamphasa, ndipo kwa anthu ambiri chigonjetso choyamba chimene amachilakalaka si kuyenda mtunda, koma kupita kuchimbudzi okha popanda kunyamulidwa ndi mwana wawo.

Ku Blantyre kuli makomo ena awiri amene anthu a ku Chiradzulu amatumizidwako. Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi Queens, imagoneka odwala amene akufunika fizo ya tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, makamaka ovulala msana ndi odwala sitiroko. Malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo wodwala amafunika womudikirira. Chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimachita maopaleshoni a mafupa a ana popanda kulipiritsa makolo. Pa mapu zonsezi zili pafupi, pakuti kuchoka pa Chiradzulu Boma kukafika ku Limbe sipapitirira makilomita 30. Koma mapu sanyamula munthu wofa miyendo.

Mtengo wa chithandizo chaulere

Fizo imasiyana ndi chithandizo china pa chinthu chimodzi: siitha ndi ulendo umodzi. Malungo munthu amapita kamodzi, kulandira LA, n'kubwerera. Wa sitiroko amafunika kuonedwa mobwerezabwereza kwa miyezi, ndipo miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira ndiyo imene thupi limabweza zambiri. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, nthawi zina atatu. Aliyense amene anaimapo pa geti la chipatala cha boma m'mawa anaonapo njinga yamoto itanyamula anthu atatu: woyendetsa kutsogolo, wodwala pakati atamangidwa ndi chitenje m'chiuno, mwendo wofookawo ukulendewera, ndi mwana wake wamkazi kumbuyo atamukumbatira kuti asagwe. Wa kabaza amatchula mtengo wa anthu awiri, ndipo nthawi ya mvula amakweza. Minibasi nayo simakonda kuima pamene yaona njinga ya olumala, popeza imadya malo a anthu olipira.

Ndalama ya ulendo si yokhayo. Tsiku la kuchipatala ndi tsiku limene wodikirira sanapite kumunda, sanagulitse kumsika, sanapite ku ganyu. Mu December ndi January, pamene kupalira kwafika pachimake ndipo nkhokwe zapepuka, n'zosadabwitsa kuti masiku obweranso amadumphidwa. M'kaundula zimaoneka ngati wodwala wathawa chithandizo. Kunena zoona, nthawi zambiri sanathawe. Banja linawerengera n'kuona kuti ulendo umodzi ndi ndowa ya chimanga. Apa ndi pamene mawu akuti chithandizo ndi chaulere amafunika kuwamva mosamala: boma limalipira dzanja la wa fizo, koma msewu wofikira ku dzanjalo amalipira ndi wodwala. Ndipo khadi la inshuwalansi, likanakhalapo, silikanalipira wa kabaza.

Banja limene laona kuti silingakwanitse maulendo a sabata ndi sabata lichita bwino kunena poyera tsiku loyamba lomwelo, m'malo movomera ndi ulemu kenaka n'kusowa. Wa fizo akadziwa, amatalikitsa masiku, n'kuika mphamvu zake pa kuphunzitsa wodikirira. Ndi bwinonso kupempha kuti tsiku la fizo ligwirizane ndi tsiku lotenga mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, kuti ulendo umodzi ugwire ntchito ziwiri.

Fizo yeniyeni imachitikira pakhonde

Ngakhale m'mayiko olemera, ola limodzi la kuchipatala silingapose maola onse a kunyumba. Ku Chiradzulu mfundo imeneyi ndiyo msana wa chithandizo chonse. Wodikirira, amene kawirikawiri ndi mkazi, mwana wamkazi kapena mchemwali wa wodwalayo, ndiye wa fizo wa tsiku ndi tsiku, ndipo amayenera kulowa nawo m'chipinda, kuona ndi maso, ndi kuyesa ndi manja ake wa fizo akuyang'ana. Vuto limabwera pamene odikirira akusinthana: amene anaphunzitsidwa wabwerera ku banja lake, amene watsala sanaonepo kalikonse.

Zipangizo zambiri zimapezeka pakhomo pomwepo. Nsungwi ziwiri kapena mitengo iwiri ya bulugamu yokhomedwa pa mafoloko, kutalika kofika m'chiuno, imasanduka njira yophunzirira kuyenda. Botolo la madzi kapena kathumba ka mchenga ndi cholemetsa cholimbitsira mkono. Kutola nyemba m'lichero, kutong'ola chimanga, kumanga mfundo ya chitenje, kupotokola chitsekero cha botolo, zonsezi ndi mafizo a zala, ndipo zimaposa kufinya kampira chifukwa wodwala amaona kuti wagwira ntchito. Mwana amene sakhala yekha akhoza kukhazikidwa m'beseni kapena m'katoni yolimba, atatchingidwa ndi nsalu m'mbali, kuti aone anzake akusewera m'malo mogona chagada kuyang'ana denga tsiku lonse.

Chikondi chosaphunzitsidwa chimavulazanso. Cholakwa chofala kwambiri ndi kudzutsa wodwala sitiroko pomukoka mkono wofookawo. Minofu ya paphewa ikafooka, fupa limatsika pamalo pake, ndipo kukokako kumasiya ululu umene umatha miyezi n'kumulepheretsa mafizo onse. Wodwala amayenera kugwiridwa pathupi, osati kukokedwa dzanja. Kuthowa ndi madzi otentha, kumene kumathandiza pa zotupa zina, n'koopsa pa chiwalo chadzanzi, chifukwa mwini wake samva kuti akupsa. Wodwala amene satha kudzitembenuza amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, usiku womwe, apo ayi pamatako ndi m'chiuno pamabuka zilonda zimene zimapha anthu ovulala msana kuposa kuvulala kwenikweniko. Kudyetsa phala munthu atagona chagada kumalowetsa chakudya m'mapapo. Ndipo pali cholakwa china chofatsa, chimene chimachitika m'mabanja achikondi kwambiri: kumuchitira wodwala chilichonse. Agogo amene akumwetsedwa, kuvekedwa ndi kunyamulidwa pamene akanatha kuyesa okha, ngakhale mochedwa ndi motayikira, amataya msanga zimene zinatsala.

Sitiroko imabwera mwadzidzidzi, nthawi zina usiku munthu ali m'tulo, ndiye n'zosadabwitsa kuti mabanja ambiri amayamba aganiza za anthu oipa. Odwala ambiri amafika ku fizo ali ndi mphini zatsopano pamkono ndi pamwendo. Wa fizo wanzeru sayamba ndi kukalipa, pakuti akatero banjalo silibweranso. Chimene chimatayika kwa asing'anga kapena kumapemphero ogonera komweko si china koma nthawi, masabata oyambirira aja amene thupi limakhala lokonzeka kuphunzira. Pemphero ndi fizo sizilimbana. Munthu akhoza kupempheredwa madzulo atachita mafizo ake m'mawa. Chimene chimalimbana ndi kuchira ndi kusiya mankhwala a BP, chifukwa sitiroko yachiwiri kawirikawiri imakhala yoopsa kuposa yoyamba.

Mapazi opindika a makanda ndi chitsanzo cha chithandizo chimene chimayenda bwino kwambiri chikayamba msanga. Njira ya Ponseti, imene zipatala za m'dziko muno zimagwiritsa ntchito, ndi yowongola phazi pang'onopang'ono ndi manja n'kulimanga chikhakha, kusintha sabata iliyonse kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Ana ambiri amadulidwa pang'ono mtsempha wa kuchidendene, kenaka amavala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, usana ndi usiku kwa miyezi itatu, ndipo pambuyo pake pogona pokha mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Gawo la chikhakha makolo ambiri amalimaliza. Pamene zimathyokera ndi pa nsapato: phazi likuoneka lowongoka, mwana akulira usiku, agogo akuti mukumuzunza mwanayo, nsapato n'kuikidwa pa denga. Pakatha chaka phazi labwerera.

Ena amene angalipire

Inshuwalansi ya zaumoyo imene ilipo m'dziko muno ndi ya anthu olipira okha kapena olipiriridwa ndi mabwana awo, ndipo yodziwika kwambiri ndi ya Medical Aid Society of Malawi, imene aliyense amangoti MASM. Ndi anthu ochepa kwambiri amene ali nayo, ambiri mwa iwo a pantchito zolembedwa. Amene ali nayo ayenera kufunsa zinthu zitatu asanayambe fizo ku chipatala cholipira ku Blantyre kapena ku Limbe: ngati sikimu yawo imalipira fizo, malire a ndalama kapena a maulendo pa chaka, ndiponso ngati pakufunika kalata ya dokotala. Masikimu amasiyana, ndipo ndalama yotsala imene sikimu sinalipire imatuluka m'thumba la wodwala.

Pali njira zina ziwiri zimene anthu ambiri sazitsata pamene zili zawo mwa lamulo. Munthu wovulala pa ntchito, kaya pa esiteti, pa kampani yomanga kapena pa chigayo cha munthu, amatetezedwa ndi lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la chaka cha 2000, limene limaika udindo pa wolemba ntchito. Nkhani yake imayambira ku ofesi ya zantchito, ndipo malipoti a kuchipatala ndiwo umboni. Wovulala pa ngozi ya pamsewu naye akhoza kufuna chipukuta misozi ku kampani ya inshuwalansi ya galimoto imene inamuvulaza, popeza lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Pamafunika lipoti la apolisi ndi lipoti la dokotala, ndipo malisiti onse, a ulendo omwe, ndi oyenera kusungidwa. Ndalama zotere zimachedwa, ndipo sizingadikiridwe kuti fizo iyambe. Chovuta china n'chakuti njinga zamoto zambiri za kabaza zimayenda zopanda inshuwalansi, ndiye wogundidwa ndi njinga yotere kawirikawiri amatsala ndi chipepeso cha pakamwa.

Pamene pali odwala otopa ndi maulendo, pamabweranso anthu odzitcha akatswiri. Ena ndi a fizo enieni amene amayendera odwala m'makomo pa nthawi yawo yopuma, n'kulipiritsa. Zimenezo n'zothandiza kwa amene angakwanitse, ndipo munthu wotere sakhumudwa akafunsidwa umboni wakuti ndi wolembetsedwa ku Medical Council. Ena ndi otikita chabe, kapena ogulitsa mankhwala a m'mabotolo ndi makina amene amati amayeza thupi lonse pogwira chikhatho. Chizindikiro chowasiyanitsa si chovuta. Wa fizo weniweni amawerenga kabuku, amafunsa za mankhwala, amapatsa wodwala ntchito yoti azichita yekha, ndipo salonjeza tsiku limene munthu adzayende. Amene akulonjeza kuti pakatha masabata awiri agogo adzathamanga, koma ndalama yonse iperekedwe lero, akugulitsa chiyembekezo.

Ndodo, njinga ndi moyo wa pambuyo pake

Si onse amene amabwerera mwakale, ndipo fizo yabwino imanena zimenezi mosabisa. Ena adzafunika ndodo, ena njinga ya olumala, ena mwendo wopanga. Zipangizozi zimayenera kuyezedwa pa mwini wake. Njinga yolandira pa mwambo wa zopereka, yaikulu ngati ya munthu wina, yopanda khushoni, imabweretsa zilonda ndi kupindika kwa msana. Ndipo njinga ya matayala ang'onoang'ono yopangidwira m'makonde a simenti siyenda m'njira za kumapiri a Chiradzulu. Ndodo nayo ili ndi msinkhu wake, ndipo wodwala sitiroko amaigwira ndi dzanja la mbali yamphamvu. Wa fizo ndi amene amalemba muyeso ndi kulozera kumene zipangizo zimapangidwa, monga ku MAP kapena ku malo opangira ziwalo ku Queens.

Ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa Boma ndi khomo lina loyenera kugogoda, makamaka pa nkhani ya mtukula pakhomo ndi kulumikizana ndi bungwe la boma loona za anthu aulumali, limene kwa zaka zambiri linkadziwika kuti MACOHA ndipo lamulo la 2024 linalisintha kukhala MACODA. Pa nkhani imeneyi Chiradzulu ali ndi mwayi umene maboma ena alibe. Ku Magomero kuli malo ophunzitsira anthu aulumali ntchito zamanja, ndipo ku Nguludi kuli koleji ya Montfort, imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika maphunziro apadera. Mnyamata amene ngozi ya njinga yamuchotsa pa kabaza akhoza kuphunzira utelala kapena ntchito ina yogwira atakhala, ndipo mwana amene akuyenda ndi ndodo malo ake ndi m'kalasi, osati kuseri kwa nyumba.

Fizo imatsekedwa pamene zolinga zimene anagwirizana tsiku loyamba zakwaniritsidwa, kapena pamene kwaoneka kuti thupi lafika pamene lingafike. Muyeso wake ndi wa pakhomo: akutha kudzuka pamphasa yekha, akufika kuchimbudzi, akusamba, akudya ndi dzanja lake, wabwerera kumsika kapena kusukulu. Wa fizo amalemba m'kabuku mafizo oti apitirire kunyumba ndi zizindikiro zoti zikaoneka wodwala abwerenso msanga, monga chilonda chatsopano, kugwa pafupipafupi, kapena chiwalo chimene chayambanso kuuma. Kwa wodwala sitiroko, tsamba lotsatira la kabukuko limakhala la kiliniki ya BP, ndipo masiku a kumeneko amapitirira moyo wake wonse.